Mpira ukalemera ngati thumba la chimanga

Mlungu wathawu ndidalandira mlendo amene sindimamuyembekezera. Lidali Lachinayi madzulo, magetsi atazima, ine ndili pakhonde kumvetsera wailesi. Ndidangoona munthu wamtali akuwerama pachipata cha mpanda, ndipo ndidadziwiratu kuti ndi mphwanga, mwana wachisamba wa mlongo wanga, chifukwa pamtundu pathu palibenso wina amene amachita kuwerama polowa pamenepo. Mnyamatayu ali Fomu 4, ndipo ndi kaputeni wa timu ya basketball ya pasukulu pawo. Titalonjerana adakhala pansi, n'kukhala chete nthawi yaitali akuseweretsa zingwe za nsapato zake. Kenaka adati: "Amalume, ine mpira uja ndikufuna ndisiye."

Ndidayamba ndaseka. "Usiye bwanji iwe, poti Loweruka lomweli muli ndi fainolo?"

"N'chifukwa chake, amalume. Tsiku la gemu ndimadzuka m'mimba mukuotcha. Nsima siilowa. Tikafika pabwalo ndimayamba ndathamangira kuchimbudzi kukasanza. Ndikaima pamzere kuti ndiponye, mpira umandilemera ngati thumba la chimanga."

Mpira umene amuna amasewera umalemera magalamu 600 ndi pang'ono chabe. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. Nkhani yanga lero ndi ya makilogalamu 49 otsalawo: amachokera kuti, ndipo amene amamusenzetsa mwana ndani?

Kwa inu amene masewerawa simuwatsata, ndifotokoze kaye za mzere umene mphwanga ankanena. Wosewera akachitidwa faulo pamene akuponya, woimbira amaimitsa wotchi n'kumupatsa mwayi woponya ali yekha, popanda womutchinga, ataima pamzere wa mamita 4.6 kuchokera pa bolodi. Osewera amati free throw. Ring'i imakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, msinkhu womwe uja James Naismith adakhomera madengu a mapichesi pamene ankayambitsa masewerawa ku Springfield, m'dziko la America, mu 1891. Mtunda susintha, msinkhu susintha, kaya ndi pabwalo la simenti losweka la kusekondale kapena m'bwalo la anthu 20,000. Ndi mpira wosavuta kuposa yonse m'masewerawa, komanso ndi pamene munthu amakhala yekhayekha, monga womenya penate pa mpira wamiyendo.

Inenso mzerewo ndikuudziwa. M'zaka za m'ma 1990 ndidasewerako ndili kusekondale. Tsiku lina tidali kumbuyo ndi pointi imodzi, nthawi itatsala pang'ono kutha, ndipo mipira iwiri idagwera ine. Woyamba udagunda chitsulo n'kubwerera. Wachiwiri sudafike n'komwe pa ring'i. Anzanga a m'timu imeneyo ena ndi azigogo tsopano ndipo ndikukhulupirira kuti palibe amene akukumbukira. Ine ndimakumbukira ngakhale fungo la fumbi la tsiku limenelo. Choncho pamene mphwanga ankayankhula, kuseka kuja kudandithera msanga.

Musaganize kuti izi ndi za ana asukulu okha. Pa 7 June 1995, mu gemu yoyamba ya ndime yomaliza ya ligi ya NBA ku America, timu ya Orlando Magic inkatsogola ndi mapointi atatu kutatsala masekondi 10. Nick Anderson, wosewera amene milungu ingapo m'mbuyomo adalanda mpira m'manja mwa Michael Jordan n'kupambanitsa timu yake, adaima pamzere. Akadalowetsa umodzi wokha, gemu ikadatha. Adaphonya iwiri. Adalimbirana mpira n'kuutenganso, adamuchitanso faulo, ndipo adaphonyanso ina iwiri. Houston Rockets idafananitsa mapointi, n'kupambana m'nthawi yoonjezera Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria atakankhira mpira mu ring'i, ndipo idatenga chikho osagonja gemu ndi imodzi yomwe. Anderson adapatsidwa dzina lachipongwe loti woponya njerwa. Munthu amene kale ankalowetsa pafupifupi 70 pa ma free throw 100 aliwonse, mu sizoni ya 1996/97 ankalowetsa 40 okha, ndipo adafika pomapewa kuthamangira ku ring'i kuopa kuti angamuchite faulo n'kumubwezera pamzere paja. Dzanja lidali lomwe lija. Chidasintha ndi katundu amene adali m'mutu.

Akatswiri a za maganizo a ochita masewero amafotokoza motere. Munthu akabwereza chinthu kambirimbiri, thupi limachisunga lokha. Mayi wopeta mphale sawerenga kuti lichero walitembenuza kangati, manja amangodziwa. Koma mantha akabwera, munthu amayamba kulondera dzanja lake lomwe: chigongono chili bwino? Mawondo ndapinda mokwanira? Pamenepo chija chimayenda chokha chimayamba kutsimphina. Mtima umathamanga, mapewa amauma, mpweya umafupika. Mantha apang'ono ndi abwino chifukwa amadzutsa thupi. Akapyola muyezo amalimanga.

Nanga mantha opyola muyezowo gwero lake n'chiyani? Ine ndaona kuti nthawi zambiri amachokera pa chinthu chomwe chija chimene chimamudzutsa wosewera 5 koloko m'mawa kukathamanga anzake ali m'tulo. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Chingwe chimene chimakukoka kupita kutsogolo ndi chomwecho chimene chimakuthina pakhosi.

Taonani zingwe zimene zimakoka osewera otchuka. Ena chimawakoka ndi mkwiyo. Michael Jordan ali ndi zaka 15, mu 1978, adasiyidwa pamndandanda wa timu yaikulu ya sukulu yake ya Laney ku Wilmington, ndipo chilonda chimenecho adayenda nacho moyo wake wonse wosewera. Filimu ya The Last Dance ya mu 2020 idaonetsa kuti akasowa womunyoza ankatha kupeka yekha chipongwe m'mutu mwake kuti apeze chifukwa chokwiyira mdani. Mkwiyowo udabala zikho zisanu ndi chimodzi ku Chicago Bulls. Koma udachititsanso kuti anzake a m'timu azimuopa, mpaka tsiku lina adamenya nkhonya mnzake Steve Kerr pokonzekera masewero. Ndipo mu October 1993, ali ndi zaka 30, atangotenga zikho zitatu motsatizana komanso patangopita miyezi yochepa bambo ake ataphedwa, Jordan adalengeza kuti wasiya, ati chilakolako chosewera chamuthera. Adabwereranso mu 1995, koma phunziro lilipo: ngakhale moto waukulu chotere nkhuni zake zimatha.

Ena chimawakoka ndi banja ndi umphawi. Giannis Antetokounmpo adabadwira ku Athens mu 1994 kwa makolo ochokera ku Nigeria amene adalibe zikalata zokhalira m'dziko la Greece. Ali mwana ankagulitsa mawotchi, magalasi ndi zikwama m'misewu, ndipo nsapato zosewerera ankabwerekana ndi mkulu wake Thanasis. Timu ya Milwaukee Bucks itamutenga mu 2013, tsiku lina adatumiza ndalama zonse kwa makolo ake mpaka kusowa ya takisi, n'kuyamba kuthamanga wapansi m'chisanu kulowera kubwalo. Pascal Siakam wa ku Cameroon adakulira kuseminale, koma bambo ake ankalakalaka kuti mmodzi mwa ana awo adzasewere mu NBA. Bambowo adamwalira pangozi ya galimoto mu October 2014 Siakam ali ku yunivesite ya New Mexico State, ndipo sadathe kupita kumaliro chifukwa cha nkhani ya viza. Nambala 43 imene amavala ndi ya banja lake: 4 ndi bambo ndi abale ake aamuna atatu, 3 ndi mayi ndi alongo ake awiri. Adatenga chikho ndi Toronto Raptors mu 2019 atasenza loto la munthu amene adali kale kumanda.

Enanso chimawakoka ndi dziko. South Sudan idalandira ufulu mu 2011. Anyamata ambiri a timu yake adakulira kunja ngati othawa nkhondo, ndipo Luol Deng, amene adasewerapo mu NBA, adatulutsa ndalama za m'thumba mwake kuti timuyo iyende. Dziko limene lidalibe ndi bwalo limodzi lomwe lofoleredwa lidafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024 n'kugonjetsa Puerto Rico, litangogonja ndi pointi imodzi yokha, 101 kwa 100, pa gemu yopimana mphamvu ndi America ku London.

Nkhani zoterezi timazikonda, ndipo n'zimene timauza ana athu. Mbali inayo ndi imene sitiikamba. Giannis yemwe uja, mu 2020, chaka chimene adasankhidwa kachiwiri kukhala wosewera wopambana onse mu ligi komanso kusaina mgwirizano wa madola 228 miliyoni, adafika pofuna kusiyiratu basketball. Adaulula yekha patapita zaka zingapo, n'kunenanso kuti chidamuthandiza n'kuyamba kukambirana ndi katswiri wa za maganizo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amene adaphunzira ali wamng'ono kuti banja lidya pokhapokha iye atagulitsa, savula maganizo amenewo tsiku limene ndalama zalowa kubanki.

Pa 5 November 2017, Kevin Love wa Cleveland Cavaliers, munthu amene adali atatenga kale chikho chaka cha m'mbuyo mwake, adagwidwa ndi mantha adzidzidzi gemu ili m'kati. Mtima udathamanga, mpweya udamubanika, adathawira m'zipinda zosinthira zovala mpaka adapezeka atagona pansi, ndipo adamutengera kuchipatala. Madokotala sadapeze vuto la mtima. Adabisa nkhaniyi miyezi ingapo kuopa kuti anzake angamuone ngati wofooka. Adailemba poyera mu March 2018, DeMar DeRozan wa Toronto Raptors atangoulula mwezi wa m'mbuyo mwake kuti akuvutika maganizo. Kuyambira mu sizoni ya 2019/20, NBA idalamula kuti timu iliyonse ikhale ndi katswiri wa za umoyo wa m'maganizo. Ngati anthu olandira mamiliyoni a madola akufuna wowamvetsera, kuli bwanji mwana wa Fomu 4?

Pali zinthu zina zimene zimamudya wosewera mwakachetechete. Choyamba ndi kuvulala. Joel Embiid, wa ku Cameroon nayenso, adatengedwa ndi Philadelphia 76ers mu 2014, koma fupa la phazi lidamukhazika pansi masizoni awiri athunthu osasewera gemu ndi imodzi yomwe. M'nyengo yomweyo mng'ono wake Arthur adamwalira pangozi kwawo, ndipo Embiid adanenapo kuti adaganiza zongosiya n'kubwerera kumudzi. Wovulala samva ululu wa fupa wokha. Amaona malo ake akutengedwa ndi wina, anzake akukwera basi iye n'kutsala, ndipo amayamba kudzifunsa kuti popanda mpira iye ndi yani. Chachiwiri ndi benchi. Pabwalo pamalowa anthu asanu okha, ndipo kochi amatha kukutulutsa nthawi ina iliyonse. Wosewera amene akudziwa kuti akalakwitsa kamodzi atuluka amasewera diso limodzi lili pa mpira, lina lili kwa kochi. Chachitatu ndi kuchepa kwa khomo. NBA ili ndi matimu 30, iliyonse ya osewera pafupifupi 15, kutanthauza malo 450 olimbirana dziko lonse lapansi, ndipo chaka chilichonse amasankha atsopano pafupifupi 60 okha. Ngakhale mwa amene akusewera kale m'mayunivesite a ku America komweko, amene amalowa ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Amene alowa amasewera magemu 82 pakati pa October ndi April, usiku uno mzinda uwu, mawa mzinda wina. Chachinayi chabwera ndi mafoni. Kale wokunyoza ankatsala pabwalo. Lero amakutsatira mpaka kuchipinda, ndipo amene wabetcha n'kuluza amakulembera ngati kuti ndalama zakezo wamubera ndiwe.

Pali kafukufuku wakale amene amandithandiza kumvetsa zonsezi. Mu 1971, Edward Deci adapatsa ophunzira a payunivesite kamasewero kolumikiza timatabwa kamene ankakakonda. Ena ankawalipira akalumikiza bwino, ena ayi. Malipiro atasiya, aja ankalipidwa adachepetsa kusewera kamasewerako panthawi yawo yopuma. Chimene ankachita mwachikondi chidasanduka ganyu. Pambuyo pake Deci ndi mnzake Richard Ryan, ku yunivesite ya Rochester, adafotokoza kuti khama lokhalitsa limafuna zinthu zitatu: munthu amve kuti chinthucho wasankha yekha, aziona kuti luso lake likukula, ndipo amve kuti ali pakati pa anthu amene amamufuna. Ndalama, zikho ndi kutamandidwa si zoipa ayi. Vuto limabwera pamene zalanda malo a zitatuzo, mpaka wosewera n'kuyamba kukhulupirira kuti mtengo wake ngati munthu ukudalira ngati mpira ulowe kapena ayi.

Tsopano ndibwerere pakhonde panga. Kuno kwathu basketball imakhala mumthunzi wa mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye. Osewera ambiri salandira kanthu. Nsapato amagula pakaunjika, ya minibasi amasonkherana, ndipo mabwalo ambiri ndi a simenti imene imadya mawondo. Wina angaganize kuti popeza palibe mamiliyoni, palibenso chopanikiza. Si choncho. Chiyambireni ligi ya Basketball Africa League ku Kigali mu 2021, ndipo matimu ngati Bravehearts ya ku Lilongwe akhala akupita kunja kukalimbirana malo mu ligiyo, khomo likuoneka ngati layandikira. Mwana aliyense wamtali tsopano timamuona ngati sikolashipu yoyenda ndi miyendo.

Ndidamufunsa mphwanga kuti thumba lija adayamba kulimva liti. Adandiyang'ana, n'kuyang'ananso pansi. "Amalume, mukukumbukira pa Khirisimasi paja?"

Ndidakumbukira. Abale tidasonkhana kwa mlongo wanga, ndipo ine, nditakhuta mpunga ndi nkhuku, ndidamugwira paphewa n'kunena pamaso pa onse kuti uyu ndiye adzatichotse mu umphawi, akupita ku America uyu. Anthu adaomba m'manja. Ine ndidaiwala tsiku lomwelo. Iye sadaiwale. Kuyambira pamenepo azakhali ake samutchulanso dzina, amangoti "wa ku America". Mayi ake, amene amagulitsa tomato pamsika, adadzimana miyezi iwiri kuti amugulire nsapato zosewerera, ndipo akabwera kugemu funso loyamba limakhala lakuti wagoletsa zingati. Aphunzitsi ena amamuuza kuti mpira ukumutayitsa nthawi poti mayeso a MSCE ayandikira. Kochi amamuuza kuti akapita kukawerenga nthawi ya maphunziro a mpira ndiye kuti alibe mtima wa timu. Bondo lakumanzere lakhala likumupweteka kwa milungu itatu koma sadauze munthu, kuopa benchi. Mwana amene adayamba kuponya mpira wamapepala mu ndowa yobooka yokhomera pamtengo wa mango, chifukwa choti zinkangomusangalatsa, tidamusandutsa munda wa banja lonse. Makilogalamu 49 aja tidathiramo ndife, aliyense kambale kake, ndipo kambale koyamba kadali kanga.

Si chapafupi kuti malume apepese kwa mphwake, koma ndidatero. Ndidati: "Mphwanga, mawu a pa Khirisimasi aja ndawabweza. Fizi ya azing'ono ako si katundu wako, ndi wa ine ndi amayi ako. Ukapita ku America tidzavina. Ukapanda kupita, ndiwe mwana wathu chimodzimodzi. Ukafuna kusiya, siya, koma usasiye Lachinayi chifukwa choopa Loweruka. Sewera fainoloyi, kenaka udzasankhe mtima uli m'malo."

Ndidamuuzanso za Giannis pamzere uja. Mu 2021 ochemerera matimu ena adatulukira kuti amachedwa kuponya, ndiye akaima pamzere bwalo lonse linkawerenga masekondi mokuwa kuti limusokoneze. Nthawi zina mpira wake sunkagunda n'chitsulo chomwe. Koma mosiyana ndi zimene zidachitikira Anderson, iye sadasiye kuthamangira ku ring'i. Ankapitabe, kuchitidwa faulo, kuphonya, n'kupitanso. Pa 20 July 2021, mu gemu imene idapatsa Milwaukee chikho choyamba chitengereni china mu 1971, adagoletsa mapointi 50 ndipo pa ma free throw 19 adalowetsa 17. Patatha zaka ziwiri timu yake idatulutsidwa ndi Miami Heat mu ndime yoyamba yeniyeni, ndipo mtolankhani atamufunsa ngati chaka chonsecho chidapita pachabe, iye adakana. Adakumbutsa kuti Jordan adasewera zaka 15 n'kutenga zikho zisanu ndi chimodzi, n'kufunsa ngati zaka zina zisanu ndi zinayizo tingazitche zolephera. Munthu amene wafika poganiza chotere amafunabe kupambana ndi mtima wonse, koma akaphonya amadziwa kuti waphonya mpira, osati moyo.

Kenaka tidakambirana zing'onozing'ono zimene osewera odziwa amachita. Ukaima pamzere uzichita zofanana nthawi zonse: gunditsa mpira pansi katatu, tulutsa mpweya wonse pang'onopang'ono, yang'ana malo amodzi pa ring'i, ponya. Mutu ukapatsidwa ntchito yaing'ono yodziwika sukhala ndi mpata wolondera chigongono kapena kuwerenga anthu amene akukuyang'ana. Pokonzekera, uziponya ma free throw utatopa, wefuwefu ali m'kati, chifukwa mu gemu sudzaponya utapuma. Usiku wa gemu isanachitike foni izigona kutali. Ndipo za bondo ndidamuuza kuti akauze kochi m'mawa mwake, apo ayi ndikanena ndine.

Lachisanu ndidapita kumsika. Mlongo wanga adandimvetsera akupanga milu ya tomato, kenaka adaima. "Achimwene, ine ndimayesa ndikumulimbikitsa." Ndidati nanenso ndinkayesa choncho. Tidagwirizana kuti akabwera kugemu, funso loyamba lizikhala lakuti wadya kapena ayi.

Kwa makolo anzanga, makochi ndi aphunzitsi a zamasewero, pempho langa ndi laling'ono. Mwana akalakwitsa musamutulutse nthawi yomweyo. Mulekeni aphunzire kuti kulakwitsa sikupha. Muyamikireni pa zimene angathe kuzilamulira, monga kuthamanga kubwerera kukatchinga ndi kupatsira mnzake, osati pa mapointi okha. Kudzudzula kuzichitikira pambali, osati pamaso pa anzake ndi atsikana a sukulu yonse. Nthawi ya mayeso kochi ndi aphunzitsi azikambirana okha, m'malo momukoka mwana uku ndi uku ngati chingwe. Ndipo mukaona kuti kwa milungu ingapo mwana sakugona, sakudya, akudzipatula, kapena akuyankhula zoti moyo ulibe phindu, imeneyo si nkhani ya mpira ayi. Pitani naye kuchipatala cha boma lanu, kapena kumalo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kumene kuli aphungu a za maganizo. Mawu oti mwamuna salira atipweteketsa ana ambiri.

Loweruka ndidapita kukaonera. Ndidakhala kumbuyo kwenikweni kuti asandione msanga. Adasanzabe gemu isanayambe. Zinthu izi sizitha tsiku limodzi. Kochi, atamva za bondo lija, adalimanga bandeji ndipo ankamupumitsa pafupipafupi. Chakumapeto adamuchita faulo ndipo adaima pamzere, timu yake ili kumbuyo ndi mapointi asanu. Ndidaona akugunditsa mpira katatu, mapewa akutsika pamene ankatulutsa mpweya. Woyamba udazungulira pachitsulo n'kutuluka. Mtima wanga udabwerera ku fumbi la zaka 30 zapitazo. Iye adapukuta manja pa kabudula, n'kugunditsanso katatu. Wachiwiri udalowa osakhudza chitsulo. Adagonja ndi mapointi anayi.

Pobwerera tidaima pachiwaya. Sindidamufunse kuti wagoletsa zingati, ngakhale ndidali nditawerenga ndekha. Adadya tchipisi mbale ziwiri, yachiwiriyo idali yanga. Za kusiya sitidakambe, ndipo mpaka lero sadandiuze chimene wasankha. Nkhaniyo ndi yake, ndamusiyira. Koma Lolemba madzulo mlongo wanga adandiimbira foni kudandaula kuti ndowa yake yochapira yasowa. Adakaipeza itakhomedwa pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pansi pake atabowola, ana a pamudzi ali pamzere, ndipo wamtali uja akuwaphunzitsa kugunditsa mpira katatu.

Ndowayo ndagula ina. Tikumanenso mlungu wamawa.